Mwana wa Mmphawi Nayenso Akhoza Mayeso: Zimene Tingaphunzire ku Masukulu a Anzathu Akatolika

Mau amene Abusa a mpingo analankhula pa tsiku la makolo ndi ana a sukulu, m'sabata la chikondwerero cha zaka 50

Komiti ya chikondwerero inandipatsa mutu wa maphunziro a ana athu. Ndikuthokoza kuti pakati pa nyimbo, madyerero ndi mbiri ya mpingo, mwapatula tsiku limodzi kuti likhale la ana.

Tawerenga m'buku la Levitiko mutu 25. Mulungu analamula Aisraeli kuti chaka cha 50 chikakwana aziliza lipenga m'dziko lonse. Munthu amene anagulitsa munda wa makolo ake chifukwa cha umphawi ankabwezeredwa mundawo, ndipo amene anadzigulitsa kwa mnzake ankabwerera kwa abale ake. Mulungu sanafune kuti umphawi wa bambo ukhale cholowa cha mwana ndi mdzukulu.

Masiku ano minda ikuchepa. Bambo amene anali ndi munda waukulu akagawira ana ake onse, mdzukulu amatsala ndi kadimba. Chimene chingadule chingwe cha umphawi m'banja lero ndi sukulu. Choncho ngati tikuliza lipenga la zaka 50 moona mtima, tiyenera kufunsa za mwana wa mai wamasiye amene wakhala pa benchi lakumbuyo uko. Kodi adzamaliza sekondale? Nanga akamaliza, adzatuluka ndi pepala lotani?

Pofuna kuyankha, ndikutengani tikaone kwa anzathu Akatolika. Ndikudziwa kuti ena mwadabwa kumva zimenezi pa chikondwerero cha mpingo wathu. Kumbukirani pa Marko mutu 9, pamene Yohane anauza Ambuye kuti iwo analetsa munthu wina kutulutsa ziwanda chifukwa sanali wa m'gulu lao. Ambuye anawauza kuti amleke munthuyo. Chiphunzitso chathu tikuchidziwa ndipo tikuimabe pa icho. Koma mlimi wanzeru akaona kuti chimanga cha mnzake chabereka bwino pa dothi lofanana ndi lake, amapita kukafunsa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kumene tachokera

Sukulu si chinthu chachilendo kwa ife. Amishoni a Dutch Reformed Church atafika ku Magwero m'chaka cha 1899, anayamba ulaliki ndi sukulu nthawi imodzi. Ku Madzimoyo, ku Nyanje, ku Nsadzu, ku Tamanda, ku Kamoto ndi ku Katete zinali chimodzimodzi. Mphunzitsi wa m'mudzi ankaphunzitsa a, e, i, o, u pakati pa sabata, Lamulungu n'kulalikira pansi pa mtengo womwewo. Makolo athu ankafuna kuti munthu aziwerenga yekha Buku Lopatulika. Mpaka lero ku Magwero kuli sukulu za ana osaona ndi osamva, ndipo sekondale ya ku Katete yatulutsa anthu ambiri amene atumikira dziko lino.

Akatolika nawonso anayenda njira yofanana. Ansembe a White Fathers analowa kumpoto kwa dziko lino m'chaka cha 1891, Ajezuiti anakhazikika ku Chikuni mu 1905, ndipo mu 1949 anatsegula sekondale ya Canisius. Ngakhale zinali choncho, pamene tinalandira ufulu mu 1964, a Zambia amene anali ndi digiri ya ku yunivesite anali pafupifupi 100 okha m'dziko lonse. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966. Boma latsopano linamanga masukulu ambiri, ndipo pang'ono ndi pang'ono mipingo inapereka masukulu ake a pulayimale m'manja mwa boma. Koma masekondale angapo anatsala m'manja mwa mipingo.

Masukulu amenewa ndi amene timawatchula kuti othandizidwa ndi boma. Mpingo ndiye mwini wake ndipo umayang'anira kayendetsedwe kake, pamene boma limalipira aziphunzitsi ndi kuperekako ndalama zina. Mfundo iyi muigwire bwino. Mphunzitsi wa ku Chassa ku Sinda, kapena wa ku St Monica's ku Chipata, amalandira malipiro kuchokera ku boma lomwe limalipira mphunzitsi wa pasukulu yathu yapafupi. Anaphunzira ku makoleji omwewo. Silabasi ndi imodzi, ndipo mayeso onse amachokera ku bungwe limodzi la ECZ.

Kodi n'zoona kuti amakhoza?

N'zoona. Zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikalengezedwa, kawirikawiri masukulu othandizidwa ndi boma ndiwo amakhala patsogolo, ndipo ambiri mwa iwo ndi a Akatolika. Maina monga Chassa, St Monica's, Canisius, Malole, Lwitikila, Matero Boys ndi Roma Girls makolo amawadziwa, ndipo nthawi yosankha ana ikafika aliyense amafuna malo kumeneko.

Koma tisanawaombere m'manja, tinene chilungamo chonse. Ambiri mwa masukulu amenewa amatenga ana amene anakhoza kale bwino kwambiri. Mlimi amene wasankha mbeu yabwino yokhayokha sadabwitsa akakolola zambiri. Komanso ambiri ndi ogonera konko, ndipo ngakhale boma linachotsa malipiro a sukulu mu 2022, ndalama za chakudya ndi malo ogona zikulipidwabe. Mwana wosaukitsitsa nthawi zambiri safika n'komwe pa geti. Akatolika eni ake amadzifunsa za nkhaniyi. Bambo Brendan Carmody, wansembe wa Chijezuiti amene analemba zambiri pa mbiri ya maphunziro m'Zambia, ndi mmodzi mwa amene anafunsa ngati masukuluwa akufikirabe amphawi monga ankafunira oyambitsa.

Tsono funso lenileni ndi ili: tikatenga ana awiri osauka mofanana, a nzeru zofanana, wina n'kupita ku sukulu ya Akatolika, wina ku sukulu ina, pamakhala kusiyana kodi? Funso limeneli linafufuzidwa kwambiri ku America, kumene Akatolika ali ndi masekondale m'makomboni osauka a mizinda ikuluikulu monga Chicago ndi New York. Mu 1982 katswiri wina dzina lake James Coleman ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayerekeza ana zikwizikwi. Anaona kuti m'masukulu a Akatolika mpata wa pakati pa mwana wa munthu wolemera ndi mwana wa mmphawi unali wocheperapo. Chaka chomwecho wansembe wina wofufuza, Andrew Greeley, anapeza kuti amene ankapindula koposa anali ana ochokera m'mabanja ovutikitsitsa. Ofufuza ena a pambuyo pake anatsutsana pa kukula kwa kusiyana kwa mamakisi, koma ambiri anagwirizana pa chinthu chimodzi: mwana wosauka wa m'tauni amene analowa sukulu ya Akatolika anali ndi mwai waukulupo womaliza sekondale ndi kupitirira ku koleji.

Ndiye kuti kusankha ana kumafotokoza mbali ina ya nkhaniyi, koma pali mbali inanso imene imachitika mkati mwa mpanda. Imeneyo ndi imene ikutikhudza ife, chifukwa yambiri siifuna ndalama.

Zimene zimachitika mkati mwa mpanda

Choyamba ndi nthawi. Pasukulu ya mishoni belu likalira, aliyense amadziwa kumene ayenera kukhala. Madzulo ana onse amalowa m'kalasi kukawerenga mwakachetechete, wamkulu ali pomwepo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Maola 2 pa tsiku, masiku 5 pa sabata, masabata 13 pa temu, matemu 3 pa chaka: amenewo ndi maola 390. Pa maola omwewo mwana wathu woyendera ali ku chigayo, ali kudimba, akutunga madzi, kapena wakhala pa golosale akuonera mpira. Pofika tsiku la mayeso ana awiriwa apatsidwa pepala limodzi, koma wina wawerenga maola mazanamazana kuposa mnzake. Tisafulumire kunena kuti wathuyo ndi mbuli.

Chachiwiri ndi diso la mwini. Aziphunzitsi ambiri amakhala pasukulu pomwepo, ndipo mpingo umene uli mwini sukulu umafunsa mphunzitsi wamkulu za zotsatira. Mphunzitsi akajomba zimadziwika tsiku lomwelo. Nchito ya kunyumba imaperekedwa ndipo imachongedwa. Timayeso ta pamwezi timaonetsa msanga mwana amene wayamba kutsalira, asanafike pogwa. Munda umene mwini wake amaupitira tsiku ndi tsiku sumera thengo.

Chachitatu ndi chiyembekezo. Mu 1993 ofufuza ena a ku America, Anthony Bryk ndi anzake, anaonetsa kuti masukulu a Akatolika ankapatsa pafupifupi ana onse maphunziro ovuta omwewo, monga masamu ndi sayansi, osapatula ana osauka kuti iwo atenge zopepuka. Mwana amamva msanga zimene akulu akuyembekeza kwa iye. Mukamuuza tsiku ndi tsiku kuti kwathu kuno palibe anaphunzirapo, adzakukhulupirirani. Danieli ndi anzake atatu anali akapolo m'dziko la eni, kutali ndi makolo ao, akuphunzira m'chilankhulo chachilendo. Patatha zaka zitatu mfumu ya Babulo inawayesa ndipo inawapeza oposa anzeru onse a m'dzikomo. Mulungu amene anawapatsa nzeru sanayambe wafunsa kuti bambo ao ali ndi ng'ombe zingati.

Chachinai ndi mwambo. Sindikunena za chikoti, pakuti lamulo la dziko lino linaletsa kumenya ana kusukulu. Ndikunena za malamulo ochepa, odziwika, amene amagwira nchito mofanana kwa mwana wa nduna ndi mwana wa mlimi. M'kalasi mopanda phokoso mphunzitsi amaphunzitsa mphindi zonse 40, osataya theka akukhazika ana chete.

Chachisanu, mwana amadziwika ndi dzina. Asisitere kapena abulazala amene akhala pasukulu zaka zambiri amadziwa kuti uyu anataya mai ake chaka chatha, uyu sadabwere ndi sopo, uyu wasiya kuseka. Amakhulupirira kuti mwana aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Chikhulupiriro chimenecho n'chathunso, timachiphunzitsa m'kalasi ya ubatizo.

Chuma chimene tili nacho kale

Pali chinanso chimene Coleman uja anapeza, ndipo pa zonse ndicho ndikufuna mupite nacho kunyumba. Mu 1987 anafuna kudziwa chifukwa chake ana a m'masukulu a Akatolika sankasiyira sukulu panjira kawirikawiri, kuyerekeza ngakhale ndi ana a m'masukulu ena olipira a anthu olemera. Yankho lake linali lakuti makolo a anawo ankadziwana. Ankakumana kutchalitchi sabata ndi sabata. Mai wa uyu ankadziwa mai wa uyo, ndipo onse ankadziwa mphunzitsi. Mwana sakanatha kunamiza kwao kuti anzake onse amaloledwa kuyenda usiku, chifukwa makolowo akafunsana Lamulungu. Akajomba kusukulu, wamkulu wina ankamuona ndipo nkhani inkafika kunyumba.

Abale ndi alongo, munthu wophunzira uja anayenda ulendo wautali kuti apeze chimene agogo athu ankachinena ndi mau ochepa, kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ife tilibe nyumba zogona ana kapena laibulale yaikulu. Koma timakumana Lamulungu lililonse. Amai amakumana ku Chigwirizano. Mkulu wa mpingo aliyense ali ndi dera lake ndipo amadziwa khomo lililonse. Pa mabenchi ano pakhala aziphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi opuma pa nchito. Chimene masukulu aja amamanga ndi khama, ife Mulungu watipatsa kale kwa zaka 50. Chatsala n'kuchilozetsa kwa ana a sukulu.

Zimene zimagwetsa ana athu

Kuyambira mu 2022 makolo sakulipiranso sukulu kuchokera ku mkaka mpaka ku sekondale, ndipo chaka chomwecho boma linalemba nchito aziphunzitsi oposa 30,000. Tikuthokoza Mulungu. Ana ambiri amene anali pakhomo anabwerera m'kalasi. Koma mwaona nokha mmene makalasi adzazira. Mphunzitsi mmodzi sangathe kudziwa mwana aliyense, ndipo wofooka amabisala kumbuyo mpaka tsiku la mayeso.

Ena mwa ana athu amachokera kutali, ndiye amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu, n'kumadziphikira okha. Mtsikana wa zaka 15 ali yekha m'kanyumba kopanda loko wabwino, ufa wamuthera Lachitatu, ndipo pali mwamuna wa njinga yamoto amene akumulonjeza kapenta ndi foni. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa atsikana 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 m'dziko lino, 29 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Amenewo si ana a ku dziko lina. Ena anaimba m'kwaya ino.

Anyamata nawo ali ndi maenje ao. Wina amachotsedwa m'kalasi kuti akawete ng'ombe za eni kwa zaka zingapo, kuti pomaliza apatsidwe kang'ombe kamodzi. Wina amajomba nthawi yopalira ndi yokolola. Wina ndalama ya makope amakabetchera mpira pa foni. Ndipo pali bodza limene lalowa m'mitu ya ana ndi makolo omwe, lakuti munthu sangakhoze popanda kuona mayeso asanalembedwe. Mukukumbukira kuti mu 2018 mayeso anaimitsidwa m'dziko lonse chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana osalakwa anavutika nawo. Kholo lachikhristu limene lipereka ndalama kugula mayeso likuphunzitsa mwana wake kuba, ndipo likugulira dziko namwino amene sadzadziwa kuyeza mankhwala.

Zimene ndikupempha mpingo

Chikondwerero chikatha mahema adzapasulidwa ndipo zitenje za Yubile zidzasuluka. Ndikuika pamaso panu zinthu zisanu ndi chimodzi, kuti bwalo la akulu a mpingo likazikambirane ndipo zikhale chikumbutso chathu cha zaka 50.

Choyamba, tiwawerenge ana athu. Mkulu wa mpingo aliyense alembe m'kope maina a ana onse a msinkhu wa sukulu a m'dera lake, kalasi imene ali, sukulu imene amapita, ndi amene akukhala naye. Alembenso amene anasiya, ndi chifukwa chake. Mbusa amene sadziwa chiwerengero cha nkhosa zake sangadziwe kuti imodzi yasowa.

Chachiwiri, nyumba ino itsegulidwe madzulo. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinai imakhala yotseka, mabenchi ali okha. Tigule magetsi a sola ndi matebulo ochepa, kuti ana a sekondale azibwera kudzawerenga maola awiri. Pazikhala akulu awiri, bambo ndi mai, mosinthana, ndipo atsikana aziperekezedwa pobwerera. Woyang'anira safunika kudziwa masamu. Nchito yake ndi kusunga bata ndi kulemba amene wabwera. Ku Caracas m'dziko la Venezuela, m'chaka cha 1955, wansembe wina dzina lake José María Vélaz ankafuna kuyambitsa sukulu m'komboni ya anthu osauka koma analibe malo. Mmisiri womanga nyumba, Abraham Reyes, pamodzi ndi mkazi wake anapereka nyumba yao imene anaimanga movutikira. Ana anayamba kuphunzira atakhala pansi. Kuchokera m'nyumba imeneyo munabadwa bungwe la Fe y Alegría, limene lero lili ndi masukulu a ana osauka m'maiko ambiri. Iwo anapereka nyumba yogonamo. Ife tikungopemphedwa makiyi.

Chachitatu, malipoti aonedwe. Temu ikatha, mwana aliyense wa mpingo uno aonetse lipoti lake kwa makolo ndi kwa mkulu wa dera lake. Sitidzawerenga mamakisi a munthu pa guwa kuti achite manyazi. Tikufuna kuti mwana adziwe kuti pali wamkulu amene adzamufunsa, amene adzakondwera naye akakwera ndi kumufunsa chavuta n'chiyani akatsika. Makolo, dziwani mmene magiredi a mayeso omaliza amayendera: 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 3 ndi 4 otsatira, 5 ndi 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Makoleji ndi mayunivesite ambiri amafuna makirediti asanu, ndipo Chingerezi chimakhala pakati pao, kawirikawiri ndi masamu omwe. Mwana akakuuzani kuti wakhoza, mufunseni kuti wapeza chiyani m'maphunziro awiri amenewa.

Chachinai, tiyambitse thumba la maphunziro la Yubile. Sukulu ndi yaulere, koma yunifomu, nsapato, makope, sopo, zofunika za atsikana pa mwezi ndi ndalama yoyendera sizaulere. Mwana amatha kusiya sukulu chifukwa cha nsapato. Nthawi yokolola banja lililonse lipatule meda imodzi kapena tini imodzi ya chimanga, nshawa, soya kapena mpendadzuwa, monga mwa mphamvu zake. Amene ali pa malipiro apereke pa mwezi. Ana a mpingo uno amene ali ku Lusaka, ku Migodi ndi kunja kwa dziko tiwalembere, pakuti madzi saiwala khwawa. Ndalamazo zisungidwe ku banki, osayinira akhale atatu, ndipo lipoti liziwerengedwa pamaso pa mpingo wonse. Komiti yomweyo izithandiza amasiye kulemba mafomu a thandizo la CDF, limene limalipirira ana ovutika ku masekondale ogonera konko ndi ku masukulu a nchito zamanja. Ambiri amaphonya thandizoli chifukwa chosamva nthawi yake kapena chosowa wowalembera.

Chachisanu, titchinjirize atsikana. Amai a Chigwirizano, mtsikana aliyense amene akukhala yekha pa lendi akhale ndi mai mmodzi wa mpingo womuyendera sabata lililonse, kapena kumutenga kukhala naye pakhomo. Alangizi, chilangizo chizichitika pa holide, ndipo zimene mukuphunzitsa zikhale zoyenera mwana wa sukulu. Kuyambira mu 2023 lamulo la dziko likuletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo, ndipo mafumu athu akhala akudzudzula mchitidwe umenewu. Tsono mtsikana akatenga pakati, bwanji? Tchimo timalitchula tchimo, ndipo mwambo wa mpingo uli ndi njira yake, kwa mnyamata ndi mtsikana mofanana. Koma cholinga cha mwambo wa mpingo ndi kubweza munthu. Kuyambira mu 1997 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Tikamutsekera njira imeneyo talanga anthu awiri, ndipo mmodzi wa iwo ndi khanda losalakwa. Agogo agwire mwana, mai wake abwerere m'kalasi.

Chachisanu ndi chimodzi, tisataye amene sanakhoze. Pali mayeso a GCE amene munthu angalembenso phunziro limene linamuvuta. Pali masukulu a nchito zamanja, monga ya ku Chipata, kumene amaphunzitsa ukalipentala, zamagetsi, zomangamanga ndi kukonza magalimoto. Ambuye wathu anagwira nchito ya ukalipentala, ndipo Paulo ankasoka mahema. Palibe mwana wa mpingo uno amene ayenera kukhala pa sitolo tsiku lonse chifukwa pepala limodzi linamukana.

Kwa aziphunzitsi, makolo ndi ana

Inu aziphunzitsi a mumpingo uno, tikudziwa katundu amene mwasenza. Makalasi ndi odzaza, mabuku ndi ochepa, ndipo tsopano mukuphunziranso dongosolo latsopano limene linayamba mu 2025, lobweretsa Fomu 1 m'malo mwa Giredi 8. Tikukupemphererani. Choko chimene mumagwira ndi utumiki wofanana ndi wa aziphunzitsi oyamba a ku Magwero. Fikani pa nthawi yake, chongani makope, ndipo musasungire mbali yofunika ya silabasi ana okhawo amene angalipire matyushoni. Amene mungathe, tipatseniko Loweruka limodzi pa mwezi kuti muthandize ana athu masamu, sayansi ndi Chingerezi m'nyumba ino.

Inu makolo anzanga amene simunapite patali ndi sukulu, musadzichepetse. Simufunika kudziwa Chingerezi kuti mufunse mwana kuti akuonetseni zimene walemba lero. Kope lopanda cholembera chofiira cha mphunzitsi mungathe kuliona. Mungathe kumupatula ku nchito ola limodzi dzuwa lisanalowe. Mungathe kumudzutsa ndi kumupatsa kambatata asanapite, chifukwa mimba yanjala siimva masamu. Mukaitanidwa ku msonkhano wa makolo ndi aziphunzitsi, pitani, ndipo azibambo musamangotuma amai okha. Wamng'ono wa ku pulayimale muzimuuza akuwerengereni ndime ya m'Baibulo madzulo alionse, pakuti ambiri amene amagwa ku sekondale anayamba kutsimphina pa kuwerenga ali ku Giredi 2 ndi 3. M'mera mpoyamba.

Tsopano inu ana anga. Mwamva kuti anzanu a ku Chassa ndi ku St Monica's alibe mitu iwiri. Pepala limene adzalemba ndi lomwe mudzalembe inu, ndipo wochonga sadzaona ngati munabwera ndi nsapato zong'ambika. Chimene akukuposani ndi maola, ndipo maola Mulungu anagawa mofanana. Zimitsani foni, khalani kutsogolo m'kalasi, funsani pamene simunamve, ndipo sankhani anzanu amene akupita kumene inu mukufuna kupita. Mukasowa kanthu, uzani mkulu wa mpingo kapena mai wa Chigwirizano musanalandire mphatso ya munthu amene adzafuna malipiro ena. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Tsamba limodzi lero, lina mawa, mudzafika.

Amene anayamba mpingo uno zaka 50 zapitazo sanali anthu olemera. Anaumba njerwa ndi manja ao, amai anasenza madzi pamutu, ndipo ambiri a iwo anagona asanaone zimene tikuona ife lero. Pakati pa ana amene akhala pansi apawa pali amene adzakhalapo pamene mpingo uno udzakwanitsa zaka 100. Ena adzakhala akulu a mpingo, ena aziphunzitsi, ena madokotala, mwina wina adzaima pa guwa lino. Chimene adzakhale chikudalira kwambiri zimene tichite chaka chino ndi chaka chamawa. Ndikupempha bwalo la akulu a mpingo kuti pa msonkhano wake woyamba chikondwerero chikatha, nkhani ya kaundula wa ana ndi ya kutsegula nyumba ino madzulo ikhale yoyamba kukambidwa.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikukuthokozani chifukwa cha zaka 50 zimene mwatisunga. Tikuthokoza chifukwa cha onse, a mpingo wathu ndi a mipingo ina, amene anapereka moyo wao kuphunzitsa ana a anthu osauka m'dziko lino. Dalitsani ana athu, apatseni nzeru monga munapatsa Danieli, ndipo muwatchinjirize panjira. Limbitsani aziphunzitsi, tonthozani amasiye, ndipo mutipatse ife mitima yotenga mwana wa mnzathu ngati wathu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.